PHUNZIRO 14: MUTU WA NKHALAMBA SUUMA

Anzathu ophunzira, amayi ndi abambo a ku Moatize, Kambulatsitsi ndi Zóbuè.

Dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Pa nthawi imeneyo, mwa anthu 100 alionse, anthu oposa 90 sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Atsamunda ankafuna manja athu okha. Ankafuna anthu okumba malasha, olima thonje ndi osenza katundu. M'chaka cha 1978 boma linayambitsa nkhondo yothetsa umbuli m'dziko lonse. Koma nkhondo ya mfuti inagwetsa masukulu ambiri, ndipo makolo athu ambiri anathawira ku Malawi mpaka mtendere unabwera mu 1992. Kalembera wa 2017 anapeza kuti mwa akulu 100 alionse, 39 anali asanadziwebe kuwerenga. Ambiri mwa iwo anali amayi a kumidzi.

Tikamayenda m'midzi kulemba maina a ophunzira, timamva mawu awiri. Oyamba ndi awa: "Ine ndakalamba, mutu wanga unauma. Phunzitsani ana." Achiwiri timawamva monong'ona: "Agogo aja ayamba kuyenda usiku, sadziwanso maina a zidzukulu. Ndi mfiti."

Mawu oyamba amatseka chitseko cha sukulu. Mawu achiwiri athamangitsa agogo ambiri m'nyumba zawo, ndipo ena aphedwa nawo. Lero tiona zimene anthu ophunzira za maganizo apeza pa mawu awiriwa.

1. NTCHITO YA KATSWIRI WA MAGANIZO

Pali anthu amene ntchito yawo ndi kufufuza maganizo a munthu. Maphunziro awo amatchedwa saikoloji. Dokotala amayeza magazi ndi kutentha kwa thupi. Katswiri wa maganizo amayeza kukumbukira, kuganiza ndi khalidwe.

Iye salosera. Amafunsa mafunso anthu ambiri, nalemba mayankho awo. Amadikira zaka, nabweranso kudzafunsa anthu omwe aja. Mlimi wofuna kudziwa mbewu yabwino saweruza ndi munda umodzi kapena ndi mvula ya chaka chimodzi. Katswiri wa maganizo achitanso chimodzimodzi.

Mu mzinda wa Baltimore, ku America, kafukufuku wotere anayamba m'chaka cha 1958. Anthu anavomera kuyezedwa thupi ndi maganizo kawirikawiri mpaka ukalamba wawo. Akatswiri awiri, Paul Costa ndi Robert McCrae, anagwira ntchito kumeneko zaka zambiri. Iwo anathandiza kuonetsa kuti makhalidwe a anthu angathe kuikidwa m'magulu asanu.

2. MAGULU ASANU A KHALIDWE

Loyamba: kutekeseka. Ena amada nkhawa msanga, amapsa mtima msanga, sagona tulo akamva nkhani yoipa. Ena ndi odekha.

Lachiwiri: kuchezeka. Ena amakonda pagulu. Ena amakonda kukhala phee.

Lachitatu: kukonda zatsopano. Ena amafuna kuyesa mbewu yatsopano kapena njira yatsopano. Ena amagwira zimene anazolowera.

Lachinayi: kukoma mtima. Ena amakhulupirira anzawo, amagawana nawo, amakhululuka. Ena ndi ouma mtima.

Lachisanu: kulongosoka. Ena amasosa munda mvula isanagwe, amasunga mbewu, amakwaniritsa pangano. Ena amazengereza.

Munthu aliyense ali ndi magulu onse asanu, ena pang'ono, ena kwambiri. Palibe amene ali ndi gulu limodzi lokha. Tikayang'ana m'kalasi lathu lino, tiwaona onse.

3. NJIRA YA KATSWIRI MMODZI

Antonio Terracciano ndi katswiri wa maganizo wochokera ku Italy. Atatha maphunziro kwawo, anapita ku Baltimore kukagwira ntchito ndi Costa ndi McCrae. Pambuyo pake anakhala mphunzitsi wamkulu pa yunivesite ya Florida State. Ntchito yake inayenda ndi mafunso atatu, ndipo onse atatu akutikhudza.

Funso loyamba linali lokhudza mitundu ya anthu. Tonse tamvapo mawu akuti anthu a mtundu wakutiwakuti ndi aulesi, kapena ndi aukali. Mu 2005 iye ndi anzake anafalitsa zimene anapeza m'mitundu 49 ya anthu. Anafunsa anthu mmene amaonera mtundu wawo, ndiponso anayeza khalidwe la anthu enieni a mitundu imeneyo. Zinthu ziwirizi sizinafanane. Mbiri imene mtundu umapatsidwa siionetsa khalidwe la anthu ake. Ife tikukhala pamodzi, Achewa, Anyungwe, Angoni, Asena ndi ena obwera kudzagwira ntchito ku migodi. Tikumbukire zimenezi tisanaweruze mnzathu chifukwa cha mtundu wake.

Funso lachiwiri linali lokhudza ukalamba. Kodi khalidwe limasintha munthu akamakula? Anapeza kuti limasintha, koma pang'onopang'ono. Anthu ambiri akamakula kutekeseka kumachepa, kukoma mtima kumawonjezeka, kulongosoka nakonso kumakula. Makolo athu anaona zimenezi kalekale pamene anati akuluakulu ndi mdambo mozimira moto.

Funso lachitatu linali lokhudza matenda oiwala. Mu 2014 iye ndi anzake anafalitsa zotsatira za anthu 1671 a m'kafukufuku wa ku Baltimore, amene ena mwa iwo anatsatidwa zaka 22. Anthu otekeseka kwambiri, ndiponso anthu osalongosoka, anadwala matenda oiwala pafupifupi katatu kuposa anzawo odekha ndi olongosoka. Katswiri wina, Robert Wilson wa ku Chicago, anali atapeza zofanana mu 2007. Iye anatsata masisitere, ansembe ndi mabulazala 997 kwa zaka 12, ndipo olongosoka kwambiri anadwala ochepa.

Chifukwa chake n'chiyani? Akatswiri akuganiza kuti mbali ina ya yankho ili m'zochita za tsiku ndi tsiku. Munthu wolongosoka amamwa mankhwala pa nthawi yake, samwa mowa mopitirira, amapita ku chipatala matenda asanakule. Munthu wa nkhawa zambiri sagona bwino, ndipo mtima wake supuma.

Tichenjere pano. Zimenezi sizitanthauza kuti wodwala anadziputira matenda. Anthu ambiri olongosoka adwala. Agogo amene anaona nkhondo, nathawa usiku ndi mwana kumsana, ali ndi nkhawa zimene sanasankhe. Kafukufuku amatiuza za gulu lalikulu. Satiuza tsogolo la munthu mmodzi.

4. KUIWALA KWA UKALAMBA NDI MATENDA OIWALA

Tisiyanitse zinthu ziwiri.

Kuiwala kwa ukalamba n'kwa tonse. Agogo aiwala pamene anaika khasu, kenaka akumbukira. Aiwala dzina la mlendo, koma madzulo libwera lokha. Amenewa si matenda.

Matenda oiwala ndi ena. Munthu aiwala ntchito ya khasu. Afunsa funso lomwelo kakhumi. Asokera pa njira ya ku chitsime imene wayenda zaka 50. Atcha mwana wake dzina la mchimwene wake amene anamwalira kale. Usiku adzuka nati akupita kwawo, pamene ali m'nyumba mwake. Nthawi zina apezeka m'mawa pakhomo pa eni ake, atavula, osadziwa mmene anafikira.

Apa ndi pamene mudzi umalakwa. Anthu amati, "Mfiti yagwa paulendo." Koma ndi matenda a mu ubongo. M'chaka cha 1906 dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anafotokoza za mayi wina amene anayamba kuiwala ali ndi zaka pafupifupi 50. Mayiyo atamwalira, dokotala anayang'ana ubongo wake, napeza kuti unawonongeka. Mtundu waukulu wa matendawa ukutchedwa ndi dzina la dokotalayo mpaka lero. Mtundu wina umabwera pamene timitsempha ta magazi ta mu ubongo tatsekeka kapena taphulika.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linanena kuti mu 2021 anthu 57 miliyoni anali ndi matenda oiwala. Mwa anthu 10 alionse odwala, oposa 6 anali m'maiko osauka ndi apakati. Matendawa ali ku Lisboa, ali ku Maputo, alinso kuno. Sasankha mzungu kapena wakuda, mfumu kapena mlimi.

Mankhwala ochiritsiratu sanapezeke. Koma pali matenda ena amene amasokoneza mutu ndipo amachizika kapena kuchepa: malungo aakulu, kachirombo ka HIV kosamwera mankhwala, mowa, kusowa chakudya, ndi chisoni chachikulu. N'chifukwa chake munthu akayamba kusokonezeka, timutengere ku chipatala. Akasokonezeka mwadzidzidzi, kapena mkono ukafooka ndi pakamwa kupotoka, timutengere tsiku lomwelo.

Mu 2014 dziko lathu linakhazikitsa Lamulo 3/2014 loteteza ufulu wa anthu okalamba, ndiye kuti a zaka 60 ndi kupitirira. Kumenya nkhalamba, kuitaya kapena kuilanda nyumba ndi mlandu. Amene aona zotere akanene kwa atsogoleri a mudzi ndi kwa apolisi.

5. ZIMENE ANAPEZA KWA ANANSI ATHU

Wina angati, "Zimenezi n'za azungu." Tiyeni tidumphe malire pa Zóbuè.

Ku Malawi kuli kafukufuku amene anayamba mu 1998 m'midzi ya ku Balaka, Mchinji ndi Rumphi. Amatsata mabanja a alimi onga ife. Kuyambira mu 2012 anayamba kuyeza kukumbukira ndi kuganiza kwa anthu a zaka 45 ndi kupitirira. Mafunso anawakonza kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga athe kuyankha m'chinenero chake.

Mmodzi mwa amene analemba zotsatira zake mu 2018 ndi Chiwoza Bandawe, katswiri wa maganizo wa ku Malawi. Iye anaphunzira ku Cape Town, nabwerera kwawo kukaphunzitsa ophunzira udokotala ku Blantyre. Walemba zaka zambiri m'nyuzipepala kuti anthu wamba amve za umoyo wa maganizo, ndipo analemba buku lomanga saikoloji pa umunthu, nzeru ya makolo athu yakuti munthu ndi munthu chifukwa cha anzake.

Iye ndi anzake anapeza kuti amayi anatsalira kumbuyo kwa abambo pa mayeso a kukumbukira ndi kuganiza, ndipo kusiyana kunkakula ndi msinkhu. Anapezanso kuti amene mutu wawo unafooka ankacheza pang'ono ndi anzawo, ndipo ambiri anali ndi chisoni ndi nkhawa.

Kodi amayi anabadwa ndi mutu wochepa? Iyayi. Tikumbukire amene ankatsala pakhomo pamene mnyamata ankapita ku sukulu ya mishoni. Tikumbukire amene ankalera ana, kutunga madzi ndi kudya pomalizira. Khasu losanoledwa limaoneka lobuntha, koma chitsulo chake n'chimodzimodzi.

6. KUWERENGA KUMASINTHA UBONGO

Ku Portugal komwe, anthu osauka ankasiyidwa opanda sukulu. M'tauni ya asodzi ya Olhão, mwana wamkazi woyamba kawirikawiri ankatsala kunyumba kulera azing'ono ake. Mu 1998 dokotala Alexandre Castro-Caldas ndi katswiri wa maganizo Alexandra Reis, pamodzi ndi anzawo a ku Sweden, anajambula ubongo wa amayi achikulire ochokera kumeneko. Anapeza kuti ubongo wa amene anaphunzira kuwerenga unkagwira ntchito mosiyana ndi wa amene sanaphunzire, ngakhale pongomva ndi kubwereza mawu.

Koma amenewo anaphunzira ali ana. Nanga wophunzira atakula? Mu 2010 Stanislas Dehaene wa ku France ndi anzake anayeza anthu 63 a ku Brazil ndi ku Portugal. Mwa iwo, 10 sankadziwa kuwerenga, 31 anaphunzira ali ana, ndipo 22 anaphunzira atakula, m'makalasi onga lathu lino. Ubongo wa anthu 22 aja unali utasintha monga wa amene anaphunzira ali ana. Mbali ya ubongo yozindikira malemba inali itadzuka. Mutu wa munthu wamkulu suuma.

Mu 2019, ku New York, Jennifer Manly, Miguel Arce Rentería ndi anzawo anafalitsa zotsatira za nkhalamba 983. Onse anapita ku sukulu zaka 4 kapena zochepera, ndipo ambiri anakulira kumidzi ya ku Dominican Republic. Mwa iwo, 237 sankadziwa kuwerenga. Poyamba pa kafukufuku, matenda oiwala anapezeka pafupifupi katatu mwa osawerenga kuposa mwa owerenga. M'zaka zotsatira, osawerenga anayamba kudwala kawiri kuposa anzawo.

Akatswiri amafotokoza motere: ubongo wogwiritsidwa ntchito uli ngati nkhokwe yodzaza. Njala ikabwera, banja la nkhokwe yodzaza limapirira miyezi yambiri. Matenda akabwera, ubongo wodzaza umachedwa kugonja.

Sitikukulonjezani kuti pensulo ndi katemera. Tikunena zimene zaoneka: kuphunzira kumasintha ubongo pa msinkhu ulionse, ndipo owerenga amadwala ochepa. Tisaiwalenso kuti agogo odziwa maina a mitengo yonse ya m'thengo, mbiri ya mafuko ndi nthano zosawerengeka ali kale ndi nkhokwe. Malemba akudzawonjezera pa zimene zilimo kale.

7. ZIMENE TINGACHITE

Mu 2024 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Gill Livingston wa ku London linatchula zinthu 14 zimene zimakulitsa ngozi ya matenda oiwala. Linati zinthuzi zitachotsedwa, mwa odwala 100 alionse pafupifupi 45 akanapewa matendawa kapena akanachedwa kudwala. Zina mwa izo zili m'manja mwathu.

Sukulu. Kusaphunzira ndi choyamba pa mndandanda. Titumize ana onse, makamaka atsikana. Ifenso tisajombe.

Kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa 2005, amene dokotala Albertino Damasceno wa ku Maputo anali mmodzi wa atsogoleri ake, anapeza kuti mwa akulu atatu alionse a m'dziko lathu, mmodzi anali ndi matendawa, ndipo ambiri sankadziwa. Matendawa sapweteka, koma amawononga ubongo mwakachetechete. Tikayezetse ku chipatala. Tichepetse mchere m'ndiwo. Amene apatsidwa mankhwala asaleke chifukwa akumva bwino. Matenda a shuga nawonso tiyezetse.

Mowa ndi fodya. Kachasu amawotcha ubongo. Fodya amaumitsa mitsempha.

Mutu. Kuvulala m'mutu kumasiya chilema chimene chimaoneka patapita zaka. Okwera njinga yamoto pa msewu wa Moatize ndi Zóbuè avale chisoti. Mwamuna womenya mkazi wake m'mutu adziwe kuti akuwononga ubongo wa mayi wa ana ake.

Mpweya. Utsi ndi fumbi zili pa mndandanda. Tiphikire pamalo podutsa mphepo. Okhala pafupi ndi migodi ya malasha ali ndi ufulu wodandaula za fumbi, ndipo dandaulo lolembedwa papepala silizimiririka ngati la pakamwa.

Maso ndi makutu. Agogo osamva ndi osaona amatsala okha, ndipo ubongo umagona. Ng'ala imachotsedwa ku chipatala. Tiwaperekeze.

Kusungulumwa. Munthu wokhala yekha amafooka msanga. Mabanja amene anasamutsidwa kupita ku Cateme mu 2009 ndi 2010 anasiya minda, manda ndi anansi. Kwa nkhalamba kusamuka n'kowawa koposa. Kulikonse kumene tili, tiitane agogo ku bwalo, ku mpingo ndi ku kalasi.

Khalidwe nalonso limaphunziridwa. Munthu wofika pa kalasi nthawi yake, wosunga kope lake pouma, wolemba tsiku lomwera mankhwala, akudziphunzitsa kulongosoka.

8. KUSAMALA AMENE ADWALA KALE

Tisamukalipire akafunsa funso lomwelo. Kwa iye ndi loyamba.

Tisamutsutse akatchula amene anamwalira. Timufunse za iwo, nkhawa yake itsika.

Tisamumange ndi chingwe, tisamutsekere yekha. Tiuze anansi ndi amfumu kuti akudwala, kuti akamuona panjira amubweze kunyumba.

Tisamusiye yekha pa moto kapena pa mtsinje.

Timupatse ntchito zimene manja ake akukumbukirabe: kutongola chimanga, kusenda nyemba, kuluka mphasa. Nyimbo zakale zimatsala m'mutu ngakhale maina atachoka. Tiimbe naye.

Ntchito imeneyi isagwere mwana wamkazi mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Abale agawane masiku. Ife amene tadziwa kulemba tilembe dzina la agogo ndi mudzi wawo pa kapepala, tisokere m'thumba la malaya awo. Kapepala kameneka kangathe kubweza munthu kwawo. Mabanja osauka akafunse za thandizo la nkhalamba ku ofesi ya INAS.

MAWU OTI TILEMBE

ubongo, khalidwe, ukalamba, kukumbukira, kuiwala, kafukufuku, lamulo, nkhokwe

Tigawe mawu: u-bo-ngo, kha-li-dwe, nkho-kwe, ku-ku-mbu-ki-ra.

MASAMU

Nkhalamba zinali 983. Osawerenga anali 237. Owerenga anali angati?

Lamulo loteteza okalamba linakhazikitsidwa mu 2014. Panali patapita zaka zingati chilandirire ufulu mu 1975?

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Tchulani magulu asanu a khalidwe.
2. Kodi kuiwala kwa ukalamba kumasiyana bwanji ndi matenda oiwala?
3. Anthu 22 amene anaphunzira atakula akutiphunzitsa chiyani?
4. Chifukwa chiyani amayi ambiri anatsalira pa mayeso a ku Malawi?
5. Agogo akapezeka m'mawa pakhomo pathu atasokera, tichite chiyani? Tiitane ndani?

NTCHITO YA SABATA INO

Aliyense apite kwa munthu wamkulu koposa wa m'banja lake. Amufunse dzina la mudzi umene anabadwira, maina a makolo ake ndi mfunda wawo. Alembe m'kope lake. Ngati agogowo angathe kuyenda, abwere nawo ku kalasi lotsatira. Mphasa ilipo, choko chilipo.

Tiphunzire! Tiphunzitsane! Titeteze nkhalamba zathu!